Mpando wa otseka kumbuyo ndi wa Lidström, osati Orr

Mukafunsa wokonda hockey ya pa ayezi ku Canada kapena ku Boston kuti katswiri woposa onse pa otseka kumbuyo ndi ndani, sadikira n'komwe kuti mumalize funso. Amati Bobby Orr, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndikutsutsa. Kuti Orr adali wosewera wodabwitsa kuposa aliyense amene adaikidwapo kumbuyo, ndikuvomera ndi mtima wonse. Koma tikamakamba za ntchito yotseka, ndi mmene munthu adaigwirira kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, mpando ndi wa Nicklas Lidström wa ku Sweden, yemwe adasewerera Detroit Red Wings kuyambira 1991 mpaka 2012 osasinthako timu.

Ntchitoyo ili chonchi. Timu imalowetsa anthu 6 pa ayezi: goloboyi, atatu akutsogolo ndi awiri akumbuyo. Bwalo la NHL, ligi yaikulu ya ku Canada ndi ku America, ndi la mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi, lozunguliridwa ndi mpanda wa matabwa ndi magalasi, moti puck, kamphira kolimba kophwatalala komwe amakamenya ndi ndodo, kakagunda mpanda kamabwerera m'bwalo masewero n'kumapitirira. Liwiro lake ndi loti munthu amalowa, kuthamanga masekondi 45 kapena kupitirirako pang'ono, n'kutuluka wefuwefu kuti mnzake alowe. Pa mphindi 60 za masewero, wakutsogolo wabwino amasewera mphindi 20. Wakumbuyo wodalirika amasenza zoposa pamenepo, ndipo nthawi yambiri amakhala akutsetsereka chafutambuyo, maso ali pa mdani amene akubwera ndi mphamvu zake zonse. Akachedwa kutembenuka ndi theka la sekondi, mdani wadutsa, watsala ndi goloboyi yekha. Wolakwa amakakhala pa benchi ya chilango kwa mphindi 2, timu yake n'kutsala yoperewera munthu, ndipo pa mipata yotere timu inayo imachinya pafupifupi kamodzi pa kasanu kalikonse. Ndiye wotseka wokonda kukola anzake ndi ndodo kapena kuwakoka malaya amakhala akugulitsa timu yake pang'onopang'ono.

Orr adabadwa mu 1948 ku Parry Sound, m'chigawo cha Ontario, ndipo Boston Bruins idamusainitsa ali ndi zaka 14 zokha. Atalowa mu NHL mu 1966, ankatenga puck kuseri kwa golo lake n'kudutsa nako bwalo lonse, adani akungogwira mphepo. Mphoto ya Norris, ya wotseka wabwino wa chaka, adaitenga zaka 8 zotsatizana, 1968 mpaka 1975. M'masewerowa chigoli ndi pointi imodzi, kupatsira wochinya ndi pointi imodzinso, ndipo kawiri konse, mu 1970 ndi 1975, Orr adaposa ligi yonse pa mapointi, akutsogolo omwe. Palibe wakumbuyo wina adachitapo zimenezi. Mapointi 139 amene adapeza mu sizoni ya 1970–71 sadafikidwebe ndi wotseka aliyense. Chithunzi chake ali m'malere, atangochinya chigoli chopatsa Boston chikho cha Stanley, chikho chachikulu cha ligiyi, pa 10 May 1970, adachiumba kukhala chipilala kunja kwa bwalo la timuyo. Mpake kuti anthu amukonde chomwecho.

Komatu ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Bondo lake lamanzere lidachitidwa opaleshoni kambirimbiri. Sizoni yake yomaliza yathunthu idali ya 1974–75, ali ndi zaka 27. Chaka chotsatira adasewera masewero 10 okha, kenako 26 ku Chicago, n'kusiya mu 1978 ali ndi zaka 30. Onse pamodzi adakwana 657. Sindikumunena chifukwa chovulala ayi. Adani ankalunjika dala pa bondolo, ndipo madokotala a nthawi imeneyo ankang'amba bondo lonse pa vuto lomwe lero amakonza kudzera pa kabowo kakang'ono. Koma kuvulalako kudachokeranso pa kaseweredwe komweko kamene timakatama. Munthu wolowa pakati pa adani awiri ali pa liwiro lonse, usiku ndi usiku, mwendo wake umakhala pa msika. Sitingawerenge zigoli zomwe njirayo idabala n'kukana kuwerenga zaka zomwe idadya. Boston idafika mu ndime yomaliza ya chikho mu 1977 ndi 1978, n'kugonja kwa Montreal kawiri konseko, Orr asanakwane n'komwe zaka 31 koma palibe. Ena amati tiyerekeze akadakhala ndi mawondo abwino. Ine masewero amene sadaseweredwe sindiwaweruza.

Tisaiwalenso ligi yomwe Orr adaipeza. Mu 1967 NHL idachoka pa matimu 6 kufika pa 12, pofika 1974 adali 18, uku ligi ina yopikisana nayo, WHA, ikulanda osewera kuyambira 1972. Matimu adachuluka msanga kuposa anthu aluso. Washington Capitals idapambana masewero 8 okha mwa 80 mu sizoni yomwe Orr adapeza mapointi 135. Akatswiri a ku Soviet Union ndi ku Czechoslovakia adali otsekeredwa kwawo. Lidström adabwera zitseko zitatseguka. Adayamba Wayne Gretzky ndi Mario Lemieux adakali pachimake, adalimbana ndi Pavel Bure, Jaromír Jágr ndi Peter Forsberg, n'kumalizira ndi Sidney Crosby ndi Alexander Ovechkin, anyamata oti adali asanayambe sukulu pamene iye ankasankhidwa ndi Detroit.

Kusankhidwako kudachitika mu 1989, pa mwambo wa chaka ndi chaka womwe matimu amasankha anyamata atsopano mosinthanasinthana, ndipo adali wa nambala 53. Anyamata 52 adaoneka abwino kuposa iye. Adali wowonda, wosathamanga modabwitsa, wosagunda anthu, akusewerera timu ya Västerås kwawo ku Sweden, ndipo amene adamuzindikira ndi Christer Rockström, yemwe ankafufuzira Detroit osewera ku Ulaya.

Kuti mumvetse chomwe Rockström adaona, onerani ndime yomaliza ya 1997. Detroit idali itatha zaka 42 osaona chikho. Kutsogolo kwake kudali Philadelphia Flyers ya Eric Lindros, chimphona cha mamita 1.93 ndi makilogalamu oposa 100, chomwe pamodzi ndi John LeClair chidali chitapondereza matimu onse a kum'mawa. Aliyense ankayembekeza kuti mphunzitsi Scotty Bowman atumiza Vladimir Konstantinov, wotseka wankhanza wa timuyo, kuti akagundane nacho. Bowman adatumiza Lidström ndi Larry Murphy, anthu awiri osadziwa kugunda. Detroit idapambana masewero 4 otsatizana. Lindros adachinya chigoli chimodzi chokha, ndipo chidabwera kutatsala masekondi 15 kuti masewero omaliza athe.

Adachita bwanji? Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa luso limeneli silioneka pa timakanema ta masekondi 20 tomwe timayenda pa intaneti. Lidström ankasunga mpata pakati pa iye ndi mdani: osayandikira kwambiri kuti angamuzembe, osatalikira kuti mdani apeze malo omenyera. Ndodo yake inkakhala pansi, m'dzanja limodzi, itatambasukira komwe puck ikufuna kudutsa. Mdani akafuna kupatsira mnzake, njira yatsekeka. Akafuna kulowa pakati, thupi la Lidström lili kale pomwepo, ndiye amapezeka akukankhikira yekha kumpanda, komwe kulibe golo. Akati anyamule puck m'mwamba kuti idumphe ndodo, Lidström ankaiphula m'malere momwemo n'kuigwetsa pansi. Sankafuna kugwetsa munthu, ankafuna puck basi, ndipo akailanda sankaitaya mwamantha kuti ingochoka. Ankadzutsa mutu n'kupereka pa ndodo ya mnzake amene ali kale pa liwiro, Detroit n'kukhala ikuukira mdani asanatembenuke. Chimphona ngati Lindros chimafuna munthu woti chigundane naye, chifukwa pogundanapo chimapambana. Chikasowa wogundana naye, mphamvu zake zimathera m'kuzungulira.

Kugunda kuli ndi mtengo wake womwe ochemerera sauona. Wotseka akanyamuka kukagunda munthu amasiya malo ake, ndipo akaphonya, mnzake amatsala yekha pamaso pa adani awiri. Lidström sankatchova juga yotere. Ngakhale pomenyera ku golo ankachita mwanzeru yomweyo. Sankalimbana ndi kumenya mwamphamvu kuposa onse. Ankamenya chapansipansi, molunjika pa ndodo ya Tomas Holmström yemwe ankaima pamaso pa goloboyi, kapena kuphonya golo dala kuti puck igunde mpanda wa Joe Louis Arena, bwalo la Detroit panthawiyo, n'kubwerera pomwe mnzake akudikira. Mpandawo ankaudziwa kabweredwe kake kuposa alendo onse.

Zotsatira zake zili m'mabuku. Pa masewero 1,608 omwe Detroit idasewera mu ligi m'masizoni ake 20, iye adasewera 1,564. Adajomba 44 okha, chonsecho m'zaka zambiri ankasewera mphindi zoposa 28 usiku uliwonse, molimbana ndi akutsogolo oopsa a timu iliyonse. Pa benchi ya chilango adakhalapo mphindi 514, kutanthauza chilango chimodzi pa masewero 6 alionse. Orr adakhalapo mphindi 953 m'masewero osafika theka la amenewo. Scott Stevens wa New Jersey, yemwe adasewera masewero 1,635, adakhalapo mphindi 2,785. Ndipo Lidström sadali wongotseka chabe: adachinya zigoli 264, mapointi onse 1,142, kuposa a Orr, ngakhale adawapeza m'nthawi yaitali. Detroit sidalepherepo kulowa m'masewero ochotsana olimbirana chikho ngakhale chaka chimodzi iye alipo.

Ndatchula Stevens dala, chifukwa m'zaka zimenezo ambiri ankati wotseka weniweni ndi ameneyo. Adali katswiri ndithu, adanyamula chikho katatu. Koma zomwe ankamuombera nazo m'manja ndi phewa lomwe adagunda nalo Lindros m'mutu mu 2000 ndi Paul Kariya mu 2003, anthu n'kugona pa ayezi osadziwa komwe ali. Malamulo a nthawiyo ankalola. Ligi idayamba kuletsa kugunda munthu m'mutu mwa mtundu umenewo mu 2010, osewera ambiri ataonongeka kale ubongo, ndipo Kariya adasiya masewero mu 2011 chifukwa cha mavuto a m'mutu. Zimandiwawa kuti kwa zaka zonsezo ana ankaonetsedwa kuti kuteteza golo ndiko kukomola munthu, pomwe mu ligi yomweyo mudali munthu amene ankatseka bwino kuposa onse popanda kupundula mwana wa mwini.

Nanga adachedweranji kumuzindikira? Gawo lina ndi tsankho, tisazungulire. Pamene Börje Salming ndi Inge Hammarström adafika ku Toronto mu 1973, ku Canada kudali mbiri yoti a ku Sweden ndi amantha. Mwini timu yawo yemwe, Harold Ballard, adanyoza Hammarström kuti angathe kulowa pa kona ya bwalo ali ndi mazira m'thumba n'kutuluka osasweka ngakhale limodzi. Salming adayankha ndi thupi lake, kupirira nkhonya ndi ndodo kwa zaka 16 ku Toronto, mpaka mu 1986 adasokedwa nkhope ndi ulusi woposa 200 atachekedwa ndi mpeni wa pansi pa nsapato. Lidström adakula akusirira Salming, ndipo adasewera naye limodzi kumbuyo kwa timu ya Sweden pa Canada Cup ya 1991, koma sadaone chifukwa chotsimikizira aliyense kuti ndi mwamuna pokhetsa magazi. Atolankhani omwe amavotera mphoto ya Norris adamulipiritsa. Zaka zitatu zotsatizana adakhala wachiwiri: kwa Rob Blake mu 1998, kwa Al MacInnis mu 1999, kwa Chris Pronger mu 2000, onse a ku Canada, onse odziwika ndi mphamvu. Za Pronger sindidandaula, chaka chimenecho adali bwino zedi. Koma za 1998 sindidzazimvetsa. Lidström adaposa otseka onse ndi mapointi 59, Blake adali ndi 50. Tikachotsera zigoli zomwe timu idachinyidwa pa zomwe idachinya munthuyo ali pa ayezi, Lidström adali pa +22, Blake pa −3. Komanso chimenechi ndi chaka chomwe Lidström adasenza katundu wa anthu awiri, popeza Konstantinov adavulala ubongo pa ngozi ya galimoto patangotha masiku 6 atatenga chikho cha 1997, osabwereranso pa ayezi. Detroit idatenganso chikho mu 1998.

Mphoto yoyamba adailandira mu 2001 ali ndi zaka 31, msinkhu womwe Orr adali atasiya kale, ndipo adali woyamba wobadwira ndi kuphunzira masewerowa ku Ulaya kuilandira. Zonse pamodzi adaitenga ka 7. Mu 2002, pa masewero achitatu a ndime yomaliza ku Carolina, Detroit idali kumbuyo kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi 14, ndipo ndi iye adamenya puck yomwe Brett Hull adaipatutsira mu golo. Masewerowo adafika m'chigawo chachitatu cha nthawi yowonjezera, Lidström n'kusewera mphindi zoposa 52. Chaka chimenecho adakhala wa ku Ulaya woyamba kulandira mphoto ya Conn Smythe, ya wosewera bwino m'masewero ochotsana. Mu 2006 ku Turin adachinya chigoli chomwe chidapatsa Sweden golide wa Olympics pogonjetsa Finland 3–2. Mu 2008 adanyamula chikho chake chachinayi, ulendo uno ali kaputeni, woyamba wokulira ku Ulaya kutero, n'kutseka pakamwa onse amene ankati timu yotsogozedwa ndi mlendo singapirire miyezi iwiri ya masewero ochotsana.

Umboni womwe umandigwira mtima kwambiri ndi wa 2005. Sizoni ya 2004–05 idafa yonse chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa eni matimu ndi osewera. Ligi itabwerera idasintha kaimbidwe: kukola ndi ndodo ndi kugwira munthu, zomwe oyimbira ankazilekerera kwa zaka khumi, zidayamba kulangidwa mosanyengerera. Otseka ambiri akuluakulu matupi, amene ankadalira kukumbatira mdani, adapezeka opanda zida. Lidström adalibe choti asinthe. Ali ndi zaka 35 adapeza mapointi 80, ochuluka kuposa chaka china chilichonse pa moyo wake, ndipo mphoto 4 mwa 7 zija adazitenga pa malamulo atsopanowo. Kaseweredwe kamodzi komweko kadapambana m'nyengo ziwiri zosiyana kotheratu.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yaikulu ndi yoti Lidström adagwera m'timu ya mwanaalirenji. N'zoona. Adali ndi Steve Yzerman, Sergei Fedorov, Brendan Shanahan, kenako Pavel Datsyuk ndi Henrik Zetterberg, ndipo mwini timu Mike Ilitch sankaumira pa ndalama. Koma Orr nayenso adali ndi Phil Esposito, yemwe adachinya zigoli 76 mu sizoni imodzi, ndipo adatenga zikho ziwiri. Komanso timu ya 1997 ndi ya 2008 zidali ngati matimu awiri: mphunzitsi wina, akatswiri ena, ndipo malire a malipiro amene adabwera mu 2005 adakakamiza Detroit kudula ndalama zake pafupifupi ndi theka. Amene ankalowa pa ayezi mdani woopsa akalowa adali yemwe uja. Mfundo ina yomwe ndikuivomera ndi ya mphoto yake yomaliza, ya 2011, ali ndi zaka 41. Chaka chimenecho chokha ndi chomwe adathera pansi pa ziro, pa −2, ndipo Shea Weber wa Nashville, yemwe adaperewera mavoti ochepa chabe, mwina adaiyenera. Ichotseni ngati mukufuna, mubweze ya 1998.

Chomwe chikundidetsa nkhawa lero n'chakuti ovota achoka ku mbali ina ya cholakwa n'kupita ku mbali inzake. Kale ankakopeka ndi phewa, lero akukopeka ndi mapointi, ndipo apa ndi pomwe mthunzi wa Orr wafika patali. Mu 1984 Rod Langway wa Washington adatenga Norris ndi mapointi 33, chaka chomwe Paul Coffey adali ndi 126, chifukwa ovota adaona kuti Langway ndiye ankatseka. Mu 2023 idapita kwa Erik Karlsson, wa ku Sweden nayenso, ndi mapointi 101, ali pa −26, timu yake ya San Jose itapambana masewero 22 okha mwa 82. Karlsson ndi waluso, ndipo timu yofooka si mlandu wake yekha. Koma mphotoyo malamulo ake amati ndi ya wotseka wodziwa mbali zonse za ntchitoyo. Ligi ili ndi mphoto ya Selke ya wakutsogolo wodziwa kutseka, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti wakumbuyo wodziwa kutseka azisowa pogwira. Ena akuti pakhale mphoto yachiwiri ya otseka okhaokha. Ine ndikukana, chifukwa kutero ndi kuvomereza kuti ntchitoyi ili pawiri, kuti wina aziukira wina azilondera. Lidström adazigwira zonse ziwiri pa ndodo imodzi kwa zaka 20, ndipo muyeso wa Norris uyenera kukhala umenewo.

Adalengeza zosiya pa 31 May 2012 ali ndi zaka 42, timu ikumufunabe. Sizoni yake yomaliza adathera pa +21. Adafotokoza kuti mphamvu ndi chidwi chokonzekera sizoni ina pa mlingo womwe ankadziikira zidachepa, ndipo sadafune kusewera mochepera pamenepo. Adabwerera ndi banja lake ku Sweden, nambala yake 5 idakwezedwa kudenga la bwalo mu 2014 kuti wina asadzaivalenso. Detroit idayesa kugawa mphindi zake kwa anthu angapo. Mu 2013 idadutsa Anaheim n'kugonja kwa Chicago, ndipo zaka zitatu zotsatira idatuluka pa ndime yoyamba. Enanso adakalamba ndi kuchoka, Datsyuk mu 2016, kotero sindikuika zonse pa munthu mmodzi. Koma mu 2017 timu yomwe idalowa m'masewero ochotsana masizoni 25 otsatizana, 20 mwa iwo Lidström ali kumbuyo, idatsala kunja.